Bambo akuti mwana wa Matsanga asaponde pakhomo pawo

Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 28, kwathu ndi ku Angónia m'chigawo cha Tete, ku Mozambique. Bambo anga anamenya nawo nkhondo yapachiweniweni, mbali ya boma. Anawatenga mu 1983 ali mnyamata, ndipo kumudzi anabwerera nkhondo itatha. Pano akalamba, mwendo wina amachita kukoka.

Ndapeza mwamuna woti timange naye banja. Koma bambo atamva kuti bambo ake a mnyamatayu anali ku Renamo, gulu limene linkamenyana ndi boma, ananena kuti, "Mwana wa Matsanga sadzaponda pakhomo pano ine ndili moyo." Chichitikireni chisankho cha 2024 zinthu zanyanya. Wailesi ikangotchula zandale amakalipira aliyense, moti achimwene anga anasiya kudyera nawo limodzi. Usiku amadzidzimuka n'kumakuwa, akuitana dzina la munthu amene ife sitimudziwa. Amayi amangoti, "Asiyeni." Kodi ndingothawa naye mwamunayu?

Wothedwa nzeru

Mwana wanga,

Usathawe. Ukathawa lero, bambo ako adzati Renamo yawalandanso china, ndipo bala limenelo mwamuna wakoyo adzalisenza mpaka kalekale.

M'kalata yako, mtima wanga waima pa dzina limene amaitana usikulo. Mkangano wa pawailesi ndi utsi chabe, moto uli pamenepo. Kumbukira momwe nkhondo ija inathera. Pa 4 October 1992, a Joaquim Chissano, amene anali mtsogoleri wa dziko, ndi a Afonso Dhlakama, amene ankatsogolera Renamo, anasainirana mtendere ku Rome, ndipo boma linakhululukira onse amene anachita zoipa m'nkhondomo. Sipanakhale bwalo loti munthu akafotokoze zimene anaona kapena zimene manja ake anachita. Asilikali anatula mfuti, anatenga khasu, ndipo dziko linati tiiwale. Mtenderewo unapulumutsa miyoyo yambiri, sindiunyoza ayi. Koma nkhondo imene inapha anthu pafupifupi 1 miliyoni, n'kuthamangitsira enanso oposa 1 miliyoni ku Malawi, siichoka m'mutu mwa munthu chifukwa akuluakulu agwirana chanza. Bambo ako akhala nazo okha zaka zoposa 30. Mu 2013 mfuti zitaliranso ku Gorongosa pakati pa Renamo ndi boma, amuna ngati iwowo anayambanso kugona khutu lili kunja.

Choncho akamati "Matsanga", dzina lochokera kwa André Matsangaissa amene anali mtsogoleri woyamba wa Renamo, sakuona nkhope ya bwenzi lako. Akuona tsiku lina lake, pamalo ena ake, pamene mwina mwini dzina lija anatsalira.

Yambira kwa amayi ako. Mawu akuti "asiyeni" ndi a munthu amene akudziwa zambiri ndipo watopa. Ukhale nawo awiriwiri, uwafunse kuti dzinalo ndi la ndani. Uwafunsenso ngati bambo amawamenya akadzidzimuka usiku. Ngati zimatero, kapena ngati amamwa mowa kuti apeze tulo, nkhani ya ukwati iyambe yaima, mupite nawo kuchipatala. Maloto a nkhondo ndi matenda odziwika, ndipo thandizo lake lilipo ngakhale patapita zaka zambiri.

Kenako ufunse bwenzi lako kuti bambo ake analowa bwanji ku Renamo. Anyamata ambiri sanasankhe mbali. Ena anagwidwa kumunda kapena pasukulu, ali ana, n'kupatsidwa mfuti. A boma nawonso ankatenga anyamata mokakamiza. N'kutheka kuti akuluakulu awiriwa anabedwa unyamata wawo mofanana, ndipo aliyense amakuwa yekha usiku m'nyumba mwake. Komatu usathamangire kuwakhazika pamodzi kuti akhululukirane. Zimenezo zilibe tsiku loikika.

Nkhani ya ukwatiyo uitule kwa amalume ako, ndiwo oyenera kulankhula ndi akuchimuna. Pali zimene bambo angamve kwa mlamu wawo zimene kwa iwe sangazimve, chifukwa pamaso pa mwana wamkazi bambo safuna kuoneka wogonja. Achimwene akonso uwapemphe asiye kulimbana ndi bambo pa zachipani. Voti yawo ndi yawo, palibe angawalande, koma abwerere kumbale. Munthu wokalamba akamadya yekha, amatsala ndi akufa okhaokha omucheza nawo.

Ndikuuze zoona, mwina bambo sadzavomera ndi pakamwa. Ndiwe munthu wamkulu, ndipo ngati amalume ayesetsa kwa miyezi ingapo koma osaphula kanthu, ukwatiwe masana, anthu akuona, bambo ataitanidwa mwaulemu ndipo mpando wawo utaikidwa kutsogolo. Koma lisanafike tsikulo, madzulo ena wailesi itazimitsidwa, ukakhale pansi pafupi nawo. Za mnyamatayo usatchule. Ungoti, "Bambo, ndimakumvani usiku. Munthu amene mumamuitanayo anali ndani?" Akakhala chete, iwenso ukhale chete, koma usadzukepo msanga.

Azakhali