Kodi Jairos Jiri anali mzungu wa mishoni? Yankho kwa mayi wa ku Ntcheu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Ntcheu. Ndaifupikitsa, koma mawu ake ndi awa:

"Agogo anga aamuna anali mtchona, anakhala ku Bulawayo zaka zambiri. Atamwalira tinapeza kachikwama kachikopa m'sutikesi mwawo, m'kati muli kapepala kolembedwa kuti Jairos Jiri. Amayi akuti agogo ankanena kuti kanasokedwa ndi anthu olumala. Kodi Jairos Jiri ameneyu anali mzungu wa mishoni? Ndikufunsa chifukwa achimwene anga amayendera ndodo, ndipo kutchalitchi kwathu tikuganiza zoyambitsa kagulu kosoka kuti iwo ndi anzawo azipezapo kangachepe. Tingatengereko chiyani?"

Mayi, zikomo kwambiri chifukwa cha kalatayi. Ayi, sanali mzungu, komanso sanali mbusa. A Jairos Jiri anali munthu wakuda ngati inu ndi ine, wa ku Bikita m'chigawo chimene lero amachitcha Masvingo, m'dziko la Zimbabwe. Anabadwa mu 1921. Sukulu sanapite nayo patali: analowako pamishoni ya Akatolika ya Gokomere, koma matenda anawabweza kumudzi. Mu 1939 anapita ku Bulawayo kukasaka ntchito, ndipo zimene anapeza ndi zomwe zija ankagwira agogo athu ambiri: kusamala maluwa kwa azungu, kutumidwa ndi katundu panjinga, ndipo pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ankatsuka mbale kukampu ya asilikali a Rhodesian African Rifles.

Bulawayo wa masiku amenewo ankafuna manja a munthu wakuda basi. Ukakhala pantchito umakhala ndi chitupa, ndipo chitupacho ndiye chimakupatsa malo ogona kulokeshoni. Ndiye taganizani za munthu amene mgodi wamudya mwendo, kapena amene maso achita khungu. Ntchito yatha, chitupa chafa, pogona palibe. Wa ku Bikita akanatha kukwawa mpaka kukafika kwawo. Nanga wa ku Nyasalande, amene anabwera palole ya Ulere yonyamula ofuna ntchito kapena kudzera kwa a Mthandizi olemba anthu ntchito, kwawo kuli kutsidya kwa Zambezi? Chotsala kwa anthu otere chinali kukhala pakhonde la sitolo n'kutambasula dzanja. Akulu anati lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza, ndipo m'tauni ya migodi ndi njanji chinkadza kawirikawiri.

A Jiri ankadutsa anthu amenewa tsiku ndi tsiku. Nkhani imene imakambidwa kwambiri ndi yoti tsiku lina ananyamula mnyamata wolumala panjinga yawo n'kupita naye kuchipatala, ndipo ndalama za opaleshoni anatulutsa m'thumba mwawo. Kenako anayamba kutenga osaona opemphetsa m'misewu n'kumagona nawo kunyumba kwawo, n'kumadya nawo m'kamalipiro komweko. Mu 1950 ntchitoyi inasanduka bungwe, lomwe pambuyo pake linatchuka ndi dzina lawo, Jairos Jiri Association. Linayambira ku Makokoba, lokeshoni yakale kwambiri ya Bulawayo.

Kudyetsa opempha ambiri amachita. Chimene chinawasiyanitsa a Jiri n'choti anafulumira kuona kuti nsima ya lero siichotsa munthu pakhonde la sitolo. Anayambitsa kamalo kophunzitsira ntchito zachikopa ndi kukonza nsapato. Kachikwama ka agogo anu kakuchokera mumzere umenewo.

Ndimaona kuti kusankha nsapato kunali nzeru zakuya. Kaimeni pang'ono pamene pali wosoka nsapato pamsika uliwonse. Wakhala pakampando kafupi, nsapato waipana ndi mawondo, singano yangowe ija walowetsa m'mphira, wakoka ulusi, wamanga. Zida zake zonse zikukwana m'kabokosi kamodzi: ulusi, guluu, mpeni, tizidutswa ta tayala. Ntchitoyi siifuna kuthamanga kapena kukwera makwerero. Makasitomala amabwera okha, chifukwa m'lokeshoni ya anthu oyenda wapansi palibe wotaya nsapato poti yang'ambika kamodzi. Ndipo wobwera ndi nsapato sanabwere kudzachita chifundo. Akufuna apite kuntchito mawa chala chisakusuzumira panja. Ikasokedwa bwino abweranso, ikasomphoka apita kwina.

Bungwelo linakula. Khonsolo ya mzinda wa Bulawayo inapereka malo ku Nguboyenja, ndipo mu 1959 kunatsegulidwa malo aakulu ophunzitsira ntchito. Chaka chomwecho a Jiri analandira mendulo ya MBE kuchokera kwa Mfumukazi ya ku Mangalande. Nthambi zinafalikira ku Salisbury, yomwe lero ndi Harare, ku Gweru kumene kuli sukulu ya ana osamva, ku Kadoma kumene kuli ya osaona, ndi madera ena. Kunabweranso masitolo a zaluso, otchuka kwambiri kwa alendo, ogulitsa madengu, ziboliboli, mbiya, zokolowekera pakhoma ndi zachikopa. M'zaka za m'ma 1980 kunali ngakhale gulu loimba la Jairos Jiri Band lomwe linkamveka pawailesi dziko lonselo. Munthu amene sukulu inamukanika chifukwa cha matenda anapatsidwa digiri yaulemu ndi yunivesite ya dzikolo mu 1977. Anamwalira pa 12 November 1982, patangotha zaka ziwiri Zimbabwe italandira ufulu. Boma linawatcha ngwazi ya dziko, koma anakaikidwa kumudzi kwawo ku Bikita, osati kumanda a ngwazi ku Harare.

Ambiri nkhaniyi amaithera pamenepa, n'kuwomba m'manja. Koma poti inu mukufuna kuyambitsa chinthu, gawo lotsatirali ndi limene ndikufuna mulimvetsere.

Mmodzi mwa ana amene anadutsa m'manja mwa a Jiri anali Joshua Malinga, wa ku Filabusi, amene analumala ndi poliyo ali wamng'ono. Anafika kubungweli ali mnyamata wosadziwa sukulu, anaphunzira zachikopa ngati anzake onse, koma mutu wake unali wa masamu ndipo anadzakhala wowerengera ndalama. Iye ndi anzake ena okulira momwemo anayamba kufunsa mafunso owawa. Bwanji aliyense wolumala, kaya ndi wanzeru bwanji, akumupatsa chikopa ndi singano? Bwanji za moyo wathu akukamba ndi makomiti a anthu alungalunga, ife tili panja kudikira kuuzidwa? Tidzasiya liti kutchedwa ana, ndevu zili pepeya? Mu 1975 anayambitsa gulu laokha, lotsogozedwa ndi olumala eni ake, limene linadzakhala National Council of Disabled Persons of Zimbabwe.

Sizinathere mu Zimbabwe. A Malinga anali nawo pamsonkhano wa ku Winnipeg, dziko la Canada, mu 1980, pamene nthumwi zolumala zinakwiya chifukwa chomanidwa mawu ndi madokotala komanso akatswiri oyendetsa msonkhanowo. Mkwiyo umenewo ndiwo unabala Disabled Peoples' International mu 1981, bungwe limene a Malinga anadzalitsogolera. Mu 1993 mnyamata wosoka nsapato uja anakhala meya wa Bulawayo, mzinda womwewo umene olumala ankapemphetsa m'makonde mwake. Ku Bulawayo komweko ndi kumene kunali likulu loyamba la SAFOD, mgwirizano wa mabungwe a anthu olumala kum'mwera kwa Africa kuno, womwe unayamba mu 1986. FEDOMA yathu, mgwirizano wa mabungwe otere kuno ku Malawi, yomwe inakhazikitsidwa mu 1999, ndi membala wake, ndipo a Mussa Chiwaula amene ankaitsogolera anadzakhala mkulu wa SAFOD. Mukuona kuti ulusi wa kachikwama kaja wafika mpaka kwathu kuno.

Ena amati anyamata aja anali osayamika, analuma dzanja lowadyetsa. Ine sindiona choncho. Popanda a Jiri, ambiri a iwo sakanaona ndi khomo la sukulu lomwe. Koma mwana amene wamulera bwino amafika poti akuyankhe, ndipo zimene ankanenazo zinali zoona. Chifundo chili ndi khalidwe loipa limodzi: chimakonda kuti wochitiridwayo asakule.

Izi ndinaziona ndi maso anga kuno kwathu. Zaka zapitazo ndinapita kukaona kagulu kena, sinditchula dzina kapena malo, komwe amayi ndi abambo olumala ankasoka zikwama za zitenje. Alendo titafika, anawandandalika panja kuti atiimbire nyimbo. Oyang'anira ndiye ankayankhula zonse. Nditapeza mpata ndinakhala pafupi ndi bambo wina amene ankapalasa makina ndi dzanja, ndodo zake atazitsamiritsa kukhoma. Ndinawafunsa kuti chikwama chimodzi chimagulitsidwa zingati. Anaseka n'kunena kuti, "Achimwene, zimenezo amadziwa ndi a kuofesi. Ife timalandira sopo ndi ufa mwezi ukatha." Anali atasoka pamenepo zaka zinayi. Ndinagula chikwama chimodzi, ndipo kunena zoona ndinagula chifukwa cha manyazi. Chogwirira chinaduka sabata isanathe, ndipo sindinabwererenso. Sindikuwanena bambo aja. Munthu wolipidwa sopo alimbitsiranji msoko?

Kuno ku Malawi njira yathu inali yosiyana pang'ono, chifukwa inayambira kuboma. Lamulo la 1971 ndi limene linakhazikitsa MACOHA, bungwe la boma loona za anthu olumala, ndipo pansi pake panabwera fakitale ya ku Bangwe mu Blantyre, kumene osaona ndi olumala ena amawomba makapeti, mphasa zansalu ndi zokolowekera pakhoma, komanso sukulu zophunzitsa ntchito zamanja monga ya ku Magomero. Lamulo latsopano la 2024 linasintha bungweli kukhala MACODA. Ngati mungakhale ndi ulendo wa ku Limbe, kafikeni ku Bangwe mukaone ndi maso mmene ntchito yotere imayendera. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka zisanu kupita m'mwamba, oposa 10 ali ndi ulumali wina wake. Fakitale imodzi kapena ziwiri sizingamwe nyanja imeneyo, choncho maganizo a kutchalitchi kwanuwo malo ake alipo.

Tsono mwafunsa zoti mutengereko. Choyamba n'chija cha nsapato: sokani chinthu chimene anthu a kwanu komweko amachifuna ndipo angalipire, osati chodikira mzungu wodzaona malo. Masitolo odalira alendo amakoma alendowo akamabwera. Ku Zimbabwe alendo atachepa kuyambira m'chaka cha 2000, ndalama n'kusanduka mapepala mu 2008, aliyense wogulitsa ziboliboli anaona zakuda. Koma yunifolomu ya sukulu imafunika chaka chilichonse, ngakhale kwacha igwe bwanji. Pitani kwa aphunzitsi aakulu a masukulu oyandikana nanu, pitani kwa amayi a mvano ndi makwaya, mumve zimene amakasoketsa kutali. Oda ikapezeka ndiye mugule makina, osati kugula makina kenako n'kumasaka chosoka.

Za malipiro musachite nazo manyazi. Gwirizanani poyera kuti pa diresi limodzi wosoka atenga zingati, zotsala zipita kunsalu, ulusi ndi kukonzetsa makina, ndipo kope la ndalama likhale poti aliyense wa m'gululo angalitsegule. Ngati pakati pawo pali wodziwa masamu, kopelo asunge iyeyo. Mwina muli ndi Malinga wanu pamenepo amene mukufuna kumupatsa singano.

Palinso tinthu ting'onoting'ono timene timagwetsa ntchito zotere. Makina ambiri opezeka m'misika ndi opalasa ndi mapazi, ndipo kwa munthu wa miyendo yofooka pamafunika a dzanja kapena amagetsi. Chipinda cha kutchalitchi chimene mwalonjezedwacho chili ndi masitepe angati? Chimbudzi chili kuti, ndipo khomo lake njinga ya olumala ingalowe? Nyengo ya mvula, matope a ku Ntcheu ndimawadziwa, munthu wa ndodo adzafika bwanji?

M'kalata yanu yonse, mayi, simunandiuze chinthu chimodzi: achimwene anuwo akuti chiyani? Mwalemba kuti "tikuganiza", koma sindikudziwa ngati iwo ali m'gulu la oganizawo. Mwina kusoka amakukonda. Mwinanso mtima wawo uli pa kukonza mafoni, kuweta nkhuku kapena kubwerera kusukulu, ndipo akungovomera poopa kukhumudwitsa mlongo wawo ndi abusa. Komiti ya kutchalitchi isanakhalenso pansi, tengani kachikwama ka agogo kaja mupite nako kwa iwo, muwafotokozere za Makokoba ndi za meya uja, kenako mukhale chete muwamve.

Kachikwamako kapakeni polishi wosada kuti chikopa chisang'aluke, ndipo kapepala kam'katiko musakachotse. Mukapeza mpata munditumizireko chithunzi, makamaka cha m'mbali momwe mwadutsa ulusi. Ndikufuna ndione masokedwe ake.