Amayi anga akuiwala, kodi tigulitse ng'ombe?

Anamwino, amayi anga ali ndi zaka 76. Amandiitana dzina la mkulu wanga amene anamwalira kalekale, amasiya mphika pa mbaula mpaka ndiwo kupserera, ndipo mwezi watha anapezeka m'bandakucha pakhomo pa eni atangomanga chitenje. Anthu ayamba kunong'ona kuti anagwa pouluka. Mlongo wanga wa ku Lusaka akuti ku America kwabwera mankhwala, tigulitse ng'ombe. Ndimawasamalira ndekha, ndatopa. Nditani?
Mayi wa ku Katete

Mayi, ng'ombezo zisiyeni m'khola. Mankhwala amene achimwene anu amvawo alipodi: lecanemab anavomerezedwa ku America mu 2023, donanemab mu 2024. Amachotsa zinthu zotchedwa amyloid zimene zimaundana mu ubongo wa wodwala Alzheimer, mtundu wa dimensha (matenda a ubongo oiwalitsa) wofala kuposa ina yonse. Koma sachiritsa. Pa kafukufuku wa miyezi 18, lecanemab anangochedwetsa matendawa ndi 27 peresenti, mwa anthu okhawo amene anali atangoyamba kuiwala. Amalowa pa diripi milungu iwiri iliyonse, ndipo wodwala amajambulidwa mutu ndi makina a MRI pafupipafupi chifukwa ubongo ukhoza kutupa kapena kukha magazi. Mtengo wa lecanemab umene anauika mu 2023 unali madola a ku America 26,500 pa chaka.

Zimandiwawa polemba izi. Bungwe la WHO, loona za umoyo pa dziko lonse, likuti anthu oposa 55 miliyoni ali ndi dimensha, ndipo oposa 60 pa 100 alionse ali m'maiko osauka ndi opeza pang'ono ngati lathuli. Komabe mankhwala atsopano akufikira amene ali ndi makina ndi ndalama.

Yambani ndi chipatala, kaya St Francis konko kapena Chipata Central. Si kuiwala konse kumene kuli dimensha. Pemphani awayeze BP, shuga, chithokomiro, vitamini B12, chindoko ndi HIV, musachite manyazi poti ndi achikulire. Zina mwa izi zimasokoneza mutu koma zimachizika. Awaonenso makutu. Akatsimikiza kuti ndi dimensha, funsani adokotala za mankhwala a donepezil, amene ena amawathandiza pang'ono kwa kanthawi.

Chimene chandiopsa kwambiri m'kalata yanu ndi manong'onong'o aja. Odwala ambiri amabalalika dzuwa likamalowa kapena usiku, n'kutuluka kukafuna kwawo kumene anakulira. Umenewo si ufiti, ndi ubongo umene wadwala. Musadikire kuti anyamata awatolere miyala. Tengani kalata ya kuchipatala, mupite nayo kwa amfumu, iwowo auze mudzi. Dziwaninso kuti malamulo a Zambia amaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Pachitseko mangirirani kabelu, nambala yanu ya foni isokereni mkati mwa diresi lawo. Kuwamanga chingwe kapena kuwatsekera okha m'nyumba ayi, kumawonjezera mantha.

Akakuitanani dzina la malemu, ingovomerani kuti "wawa, amayi". Mukawakumbutsa kuti mwana wawoyo anamwalira, kwa iwo ndi uthenga wamaliro wofika lero, amalira mwatsopano. Apatseni ntchito imene manja awo akuikumbukirabe, monga kusenda nshawa kapena kusankha nyemba, inu muli pafupi.

Tsono za inu. Kutopa kwanu si kusowa chikondi. WHO imanenanso kuti pafupifupi maola 70 pa 100 osamalira odwalawa amagwera akazi, ndipo nthawi zambiri mkaziyo amakhala mmodzi. Itanani abale mukhale pansi. Achimwene anu a ku Lusaka azitumiza kangachepe mwezi uliwonse kolipira munthu wokulandirani, kuti mupeze mpata wopita kumunda ndi kugona tulo. Ku ofesi ya Social Welfare kafunseni ngati khomo lanu lingalembedwe pa Social Cash Transfer, thandizo la ndalama limene boma limapereka ku mabanja ovutika. Ngati mumapemphera, auzeni amayi a Chigwirizano kapena a mphakati kuti akagawana masiku oyendera odwala, aikepo ndi la amayi anu.