Kodi PA angatsegule chipatala chake popanda dokotala ku America?

Achemwali, mwafunsa ngati n'zoona kuti mwana wanu akamaliza maphunziro a physician assistant (PA, wothandiza dokotala amene amaona ndi kuchiza odwala) adzatha kutsegula chipatala chake popanda dokotala womuyang'anira. Ine ndine namwino ndipo ndagwira ntchito ndi ma PA kwa zaka zambiri kuno ku America, choncho ndiyankheko. Nkhaniyo ili ndi choonadi mkati mwake, koma amene anakuuzaniyo anathira mchere wambiri.

Lamulo lotereli silichokera ku boma lalikulu ku Washington. Steti iliyonse ili ndi nyumba yake ya malamulo ndi bungwe lake lopereka laisensi, moti zololedwa ku Utah mukhoza kuluza nazo laisensi ku steti ina. Ndiye muyambe mwamufunsa mwanayo kumene akufuna kukakhala.

Ntchitoyi inayambira ku Duke University mu 1965, pamene Dr Eugene Stead anatenga anyamata amene ankathandiza odwala m'gulu la asilikali apamadzi n'kuwaphunzitsa, chifukwa madokotala ankaperewera. Kuyambira nthawi imeneyo PA wakhala akuyendera pansi pa dzina la dokotala. Amapima odwala, amalemba mankhwala, amasoka mabala, amathandiza ku fiyeta, koma pamayenera kukhala pepala losainidwa lonena kuti dokotala wakuti ndiye akumuyang'anira. Malamulo atsopano amene masteti ena akhazikitsa akulimbana ndi pepala limeneli basi. Sakumusandutsa PA kukhala dokotala.

North Dakota ndiyo inayamba kumasula ma PA ku pepalali mu 2019. Utah ndi Wyoming zinatsatira mu 2021, kenako Iowa, Montana ndi Arizona mu 2023. Koma muone kakasi wake: zambiri mwa steti zimenezi zinaika maola oti munthu ayambe wakwanitsa. Ku Utah ndi maola 10,000, ku Montana ndi ku Arizona 8,000. Maola 8,000 ndi zaka pafupifupi zinayi munthu akugwira ntchito mlungu ndi mlungu osadukiza. Ndipo ku Arizona, ngakhale maolawo akwane, lamulo limafunabe kuti PA azigwirizana ndi dokotala kapena chipatala chimene chamulemba ntchito. Mwana wongotuluka kumene pasukulu ufulu umenewu sunamufike.

Kunena zoona, pepalalo nthawi zambiri linali la mwambo chabe. Ndinagwirapo ntchito pa kachipatala kena kakumudzi kumene PA wathu anali atakhala zaka zoposa khumi, odwala onse akumudziwa. Dokotala womusainira ankakhala kutali, tinkangomuona mwa apo ndi apo, koma mwezi ukatha ankalandira ndalama za siginechayo. Dokotalayo atapuma pantchito, tinatha milungu tikusakasaka wina woti asaine, odwala shuga ndi BP akudikira mankhwala awo. PA anali yemweyo, nzeru zake zomwezo, chosowa ndi dzina papepala. Zoterezi n'zimene bungwe la ma PA lotchedwa AAPA lakhala likudandaula, makamaka kuyambira 2017 pamene linagwirizana zoti pepalalo lichoke. Medicare, inshuwalansi ya boma ya zaumoyo ya okalamba, nayo inayamba kulipira ma PA mwachindunji mu 2022, pomwe kale ndalamazo zinkadzera kwa owalemba ntchito.

Madokotala nawo, kudzera m'bungwe lawo la AMA, akukana, ndipo sindinganene kuti ndi nsanje yokha. PA amaphunzira miyezi pafupifupi 27 atatenga kale digiri yoyamba, ndi maola ngati 2,000 oyendera m'mawodi. Dokotala amakhala zaka zinayi kusukulu ya udokotala, n'kuwonjezera zaka zitatu mpaka zisanu ndi ziwiri akuphunzira pantchito. Kusiyanako kumaonekera pa wodwala mmodzi uja wobwera ndi mutu wamba, pamene mkati muli china choopsa. Dandaulo langa pa malamulowa n'lakuti amawerenga maola, osati zimene munthu anachita m'maolawo. Zaka zinayi pa chipatala cha khungu sizimukonzekeretsa munthu kukhala yekha kumudzi ndi mwana wobanika usiku. PA wabwino amadziwa polekezera n'kuimba foni, lamulo limuuze kapena lisamuuze.

China chimene anthu sanena: lamulo likhoza kumumasula, koma chipatala chomulemba ntchito chili ndi malamulo akenso, a inshuwalansi nawonso ali ndi awo. Ma PA ambiri m'steti zimenezi akugwirabe ntchito limodzi ndi madokotala monga kale. Ndipo pepala likachoka, mlandu ukabwera umagwera iye mwini.

Ife a ku Malawi nkhaniyi siyenera kutidabwitsa. Tonse tinakulira m'manja mwa ma clinical officer amene tinkangowatchula kuti adokotala, ndipo m'zipatala za maboma ndi iwo amene amachita maopaleshoni ambiri a amayi oyembekezera. Paja College of Medicine inatsegulidwa mu 1991, dziko litadalira anthu amenewa kwa zaka zambiri. Komabe ndichenjeze abale amene akuwerenga ali kumudzi: dipuloma ya clinical officer siisinthika kukhala laisensi ya PA kuno. Pamafunika kuphunzira pasukulu yovomerezeka ya ku America n'kukhoza mayeso a dziko lonse a ma PA otchedwa PANCE.

Ngati mwanayo akuganizako za ku Britain, kumeneko mphepo ikuwombera kwina. Mu 2025 kafukufuku amene boma linapatsa Professor Gillian Leng analangiza kuti dzina la ma PA a kumeneko lichoke pa physician associate libwerere pa physician assistant, komanso kuti asamayambe ndi iwo kuona odwala amene matenda awo sanadziwike. Izi zikuchitika pamene steti ya Oregon kuno ku America mu 2024 inasintha dzinalo kupita ku associate.

Langizo langa, achemwali, muuzeni asasankhe sukuluyi chifukwa cha loto la chipatala chake. Ngati mumtima akufuna kukhala mwini chigamulo pa wodwala aliyense, alimbe mtima apite ku udokotala. Ngati akufuna kuyamba msanga kuthandiza odwala, ngongole ya sukulu isanamukwirire, PA ndi ntchito yabwino kwambiri. Ntchito yake yoyamba asakaifune kumene amulonjeza ufulu, akaifune kumene kuli dokotala woleza mtima amene amayankha foni. Mundiuze steti imene akuiganizira, tionere limodzi lamulo lake.