Buku la 1300D lija usalibweze

Eee, mphwanga, waswera bwanji kumeneko? Meseji yako ndaiona m'gulu muno, koma zala zangazi kulemba zimachedwa, ndiye ndangoti ndilankhule. Wati wagula kamera ya Canon 2000D ya sekondi handi, koma buku lophunzitsa kujambula lomwe wapeza pamsika wa ku Avondale mu Harare ndi la 1300D, ndiye ukudandaula kuti mwina ndalama yalowa m'madzi. Ayi ndithu, sinalowe. Werenga buku limenelo.

Makamera awiriwa ndi ana a mimba imodzi. 1300D inatuluka mu 2016, yakoyo mu 2018. Batire lake ndi lomwelo, LP-E10. Timadontho ta focus tomwe umaona ukasuzumira ndi 9 konsekonse, mabatani nawonso anakhala malo omwewo. Kusiyana kwakukulu n'kwakuti yako ili ndi ma megapixel 24 pomwe inayo ndi 18, ndipo zimenezo sizisintha kajambulidwe ngakhale pang'ono. Ukaona m'bukumo akulemba Rebel T6 usabalalike, ndi dzina la 1300D ku America. Yakoyo kumeneko amaitchula T7.

Pomwe menyu ya m'buku isemphane ndi ya kamera yako, pita pa webusayiti ya Canon, manual ya 2000D ilipo yaulere. Idawunilode ukakhala pa Wi-Fi, usamalize bandulo. Koma manual imangokuuza kuti batani ili limachita chakuti, siikuuza chifukwa choti ulidine. Chifukwacho uchipeza m'buku wagulalo.

Chimodzi chokha uchenjere nacho. Yang'ana pamwamba pa kamera, pomwe amalowetsa fulashi paja. Ma 2000D oyambirira anawachotsa kachitsulo kakakulu kozungulira ka pakati. Ngati yako ilibe, mafulashi ambiri otchipa omwe si a Canon sayaka. Buku la 1300D silingakuuze zimenezi chifukwa iyo kachitsuloko ili nako. Ndiye usadzagule fulashi m'tauni usanaiyese pa kamera yako pomwepo, wogulitsa akuona.

Tsopano mvetsera, apa ndi pomwe ndikufuna ndikhalitsepo. Chotsa kagudumu ka pamwamba paja pa Auto, ukaike pa Av. Pamenepo iwe ukusankha aperture, kukula kwa kabowo kolowetsa kuwala, kamera n'kumadzisankhira zotsalazo. Nambala ikakhala yaing'ono, kabowo kakula, kumbuyo kwa munthu kumaoneka mbuu, nkhope yokha ngwee. Ndiye udzawerenga m'bukumo kuti ika f/1.8, iwe n'kupotokola kagudumu ka pafupi ndi batani lojambulira mpaka chala kuwawa, nambala osatsika kupyola 3.5. Usadzati buku lalakwa kapena kamera ndi yofa. Ndi lenzi. Ka 18-55 kobwera ndi kamera kaja kamathera pa f/3.5, ndipo ukakoka zoom mpaka 55 kamaima pa f/5.6. Za 1.8 zimafuna lenzi ya 50mm, imeneyo udzagula ukayamba kupeza kangachepe.

Pa Tv, pa kagudumu ka pamwamba komweko, ukusankha liwiro la shutter, kachitseko komwe kamatseguka n'kutsekeka kuti kuwala kulowe. Munthu woima phee, usatsike pansi pa 1/60 ya sekondi, apo ayi kunjenjemera kwa manja ako kuoneka. Ana akuthamanga kapena anthu ali pagule, yambira 1/500. Ndanena gule, eti? Ukapita ku Mbare kapena ku Mufakose kukakhala gule wamkulu, uyambe wapempha akuluakulu a pabwalo. Osangotulukira n'kuloza kamera ayi, anthu sadzakumvetsa.

Chomwe mabuku oterewa amalambalala ndi dzuwa lathuli ndi khungu lathu. Harare ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,500 pamwamba pa mlingo wa nyanja ya mchere, ndipo dzuwa la masana limalasa kuchokera paliwombo. Maso a munthu amalowa mumthunzi, chipumi n'kumanyezimira. Tenga amayi a Chigwirizano atavala zoyera zawo panja pa tchalitchi. Kamera ikaona kuyera konseko imaganiza kuti kuwala kwachuluka, imachepetsa, ndiye mabulauzi amatuluka bwino koma nkhope zili bii. Chochita n'chophweka. Kumbuyo kuli batani lolembedwa Av, lokhala ndi chizindikiro cha pulasi ndi mainasi. Lidine osalisiya, uku ukupotokola kagudumu ka pafupi ndi batani lojambulira, mpaka kamuvi kafike pa +1. Jambulanso, uone nkhope. Zovala zikayera mopitirira mpaka mapindo osaoneka, bwerera pang'ono. Kuposa zonsezo, apemphe amayiwo asunthire pansi pa mtengo kapena pakhonde. Mumthunzi khungu lakuda limakongola kwabasi. Ukamaliza ubweze kamuviko pa 0, chifukwa kamera siibweza yokha ngakhale uizimitse.

ISO, yomwe ndi mlingo wa momwe kamera ikumvera kuwala, panja masana isiye pa 100. M'nyumba kwera mpaka 1600, usaope. Bola chithunzi chokhala ndi timadonthomadontho kusiyana ndi choti munthu sakudziwika kuti ndi ndani.

Bukulo usaliwerenge ngati ukukonzekera mayeso. Mutu umodzi, kamera m'manja, tuluka panja. Jakaranda akamachita maluwa mu Okutobala, lawira cha m'ma 7 koloko, uyende mu msewu wa Leopold Takawira kapena ulowe mu Harare Gardens. Jambula mtengo umodzi pa f/5.6, kenako f/11, kenako f/16, kunyumba ukayerekeze pa kompyuta. Kufupi ndi State House kokha kamera ikhale m'chikwama, kumeneko n'koletsedwa, ndipo asilikali ake sachita nthabwala.

Uponye zithunzi zitatu m'gulu muno pofika Loweruka, undiuzenso manambala omwe unaika pa chilichonse. Ndipo undijambulire ndi foni pamwamba pa kamera paja, ndione ngati kachitsulo ka fulashi kalipo. Upereke moni kwa mayi ako.