Kwa Adzukulu Ofuna Kuphunzira Kuwomba Timbale Touluka

Adzukulu, uthenga wanu wochokera ku Ulónguè tawulandira. Mwati mwakhala mukuonera pa foni anthu otseka m'makutu akuphwanya timbale touluka ndi mfuti, ndipo mukufuna kudziwa poyambira. Wina wafunsa ngati gogodela ya amalume ake ingathandize poyeserera, wina wati ndi legeni saphonya njiwa ndiye izi sizingamuvute, ndipo mtsikana mmodzi wafunsa ngati n'zoyenera kuti mkazi agwire mfuti. Khalani pansi tikuuzeni, pakuti masewerawa sagwirizana ndi phuma.

Iwe mwana wamkazi, usachite manyazi. Akazi ali ndi mpikisano wawo wa masewerawa ku Olympics kuyambira ku Atlanta mu 1996, ndipo ku Paris mu 2024 Adriana Ruano anapatsa dziko la Guatemala mendulo yake yoyamba ya golide. Chako n'kupeza mfuti yokukwana kutalika kwa mkono ndi khosi.

Za gogodela tikukana, ndipo tikukanitsitsa. Mfuti yosula kumudzi sidziwika kuti mpope wake ungapirire onga wochuluka bwanji, ndipo ikaphulika imatenga zala ndi maso a woigwira. Chimodzimodzi mfuti iliyonse yofukulidwa m'tchire, yotsala pa nkhondo ija inatha mu 1992. Kuyambira mu 1995 a Conselho Cristão de Moçambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, ankasinthanitsa mfuti zotere ndi makasu, njinga ndi makina osokera kuti zichoke pakati pathu, ndiye inu musazibwezeretse m'manja m'dzina la masewera. Mfuti imafuna chilolezo cha apolisi a PRM, ndipo wophunzira amayambira pabwalo lovomerezeka, mphunzitsi ataima pambali pake. Musathamangire kugula yanu. Yambani ndi ya pabwalo mpaka mudziwe muyeso wokuyenerani.

Pa Chipwitikizi masewerawa amatchedwa tiro aos pratos, ndipo umodzi mwa mitundu ya ku Olympics ndi fosso olímpico. Pali ngalande yofoleredwa, m'kati mwake muli makina 15 oikidwa atatuatatu. Mamita 15 kumbuyo kwake kuli malo asanu oimapo. Kambale n'kotambalala masentimita 11, kamalemera magalamu 105, ndipo makina amakaponya kuti kakagwe pa mamita 76, potuluka kakuthamanga kuposa makilomita 100 pa ola. Kangapite kumanja, kumanzere kapena kutsogolo, ndipo simuuzidwa. Ulendo umodzi ndi timbale 25: khumi kumanja, khumi kumanzere, tisanu kutsogolo, tosakanizidwa. Mumalowa anthu asanu ndi mmodzi, aliyense awomba kambale kamodzi kenaka asunthira kumanja. Pa kambale kalikonse mumaloledwa kuwomba kawiri.

Mfuti yake ndi chifefe cha mipope iwiri yosanjikizana, cha nambala 12 (muyeso wa kukula kwa bowo la mpope), mipope yotalika masentimita 76 kapena 81. Pa mpikisano machaka ake sapitirira magalamu 24 a mtovu. Tinjere ta mtovuto tikakhala ta muyeso wa 7,5 timakhalamo pafupifupi 300, tomwe timamwazika ngati mapira owazidwa. Kukamwa kwa mpope kumapanikizidwa kuti tinjereto tisabalalike msanga, ndipo mpope wowomba kachiwiri ndiwo umapanikizidwa kwambiri, chifukwa pamenepo kambale kafika patali.

Musanawombe ndi kamodzi komwe, mwambo wa pabwalo ukhale m'magazi. Mfuti imayenda yothyoledwa, mipope yopanda kanthu, kuti aliyense aone ndi maso ake. Machaka mumaika mutaima pamalo anu, ndipo mumatseka mfuti pokhapokha nthawi yanu yakwana, kukamwa kwake kutaloza kungalande. Wina akakuitanani kumbuyo, thyolani kaye mfuti musanatembenuke. Pochoka pamalo achisanu kubwerera ku oyamba mumadutsa kumbuyo kwa anzanu, ndiye machaka onse atuluke. Chala chisakhudze kachitsulo kowombera mpaka mfuti itafika paphewa. Mfuti ya mnzanu musaigwire asanakuloleni, monga mmene simungatsegulire nkhokwe ya mwini. Mnzanu akamakonzeka kuwomba khalani chete, ndipo akaphonya musamuseke kapena kumuponyera malangizo; imeneyo ndi ntchito ya mphunzitsi. Wolawa kachasu kapena masese tsiku limenelo akhale pamthunzi aonerere.

Zinthu zitatu zimavulaza anthu osadziwa. Mukakoka kachitsulo mfuti osalira, musaitsegule msanga: ilozeni kutsogolo, dikirani masekondi 30, pakuti onga nthawi zina umachedwa kuyaka. Pa mpikisano mumayembekeza woweruza kuti adzaone. Ikalira mofooka, mosiyana ndi masiku onse, thyolani musuzumire m'mipope, chifukwa kapulasitiki ka m'machaka kakhoza kutsalira m'kati, ndipo kuwombanso pamenepo kumang'amba mpope. Chachitatu, machaka a nambala 20 asapezeke m'thumba limodzi ndi a 12. A nambala 20 ndi aang'ono, ndiye amatsetserekera m'kati mwa mpope wa 12 osaoneka, munthu n'kuika ena pambuyo pake. Zotseka m'makutu ndi magalasi valani nthawi zonse, ngakhale mukungoonerera. Kulira kwa chifefe kumapha makutu pang'onopang'ono ndipo sabwereranso, pomwe zibenthu za kambale mphepo imazibweza kumaso.

Tsopano iwe wa legeni, tamvera. Diso lako lozolowera mbalame likuthandiza, koma chizolowezi chako chotsinzina diso limodzi n'kuyang'ana pa mphanda chikupweteka. Chifefe sachitchera ngati legeni pa njiwa yotera pamtengo. Amachiloza monga mmene umalozera khwangwala wouluka ndi chala, osayang'ana chalacho. Kumapeto kwa mpope kuli kamkanda. Diso likangochoka pa kambale n'kupita pa kamkandako, manja amaima, ndipo tinjere timadutsa kumbuyo. Chifukwa chake n'chakuti tinjere timatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi kuti tifike pa mamita 35, ndipo m'kanthawi kameneko kambale kayenda mamita ngati awiri. Mfuti iyambire kumbuyo kwa kambale, ikapeze, ikapitirire pang'ono, ndipo uwombe ikuyendabe. Kukoka kachitsulo sikutha kwa ntchito: mpope upitirize ulendo wake mpaka waona zibenthu.

Dziwani kaye diso lomwe limalamula. Maso onse ali otsegula, lozani chala pa nsonga ya mtengo wakutali, kenaka tsinzinani lamanzere. Chala chikakhalabe pamalo, lolamula ndi lamanja. Chikadumpha, ndi lamanzere, ndipo wongoyamba kumene ndi bwino aphunzire kuwombera paphewa lamanzere ngakhale amadyera dzanja lamanja. Anthu ambiri amawononga machaka miyezi yathunthu chifukwa palibe anawayesa zimenezi tsiku loyamba.

Kaimidwe n'kosavuta. Wowombera kumanja atsogoze phazi lamanzere, mapazi atalikirane ngati mapewa, thupi lipendekere pang'ono kutsogolo kuti kulemera kochulukirapo kukhale pa phazi lakutsogolo. Wopendekera kumbuyo mfuti imamukankha ndipo kuwomba kwachiwiri kumapita kumitambo. Potembenuka, tembenukani ndi chiuno, manja okha asakoke mfuti.

Apa ndiye pagona nkhani: tsaya. Kwezani mfuti ifike patsaya, osati kutsitsa mutu kuti ukapeze mfuti. Thako lake likhale m'kadzenje ka pakati pa phewa ndi chifuwa, osati pa mkono, apo ayi mudzuka ndi chotupa chakuda. Mtengo wa mfuti ukanikize pansi pa fupa la tsaya, pamalo omwewo nthawi iliyonse, chifukwa diso lanu ndilo likugwira ntchito ya choyang'anira chakumbuyo. Mutu ukadzuka pang'ono chabe pofuna kuona bwino, tinjere timadutsa pamwamba pa kambale, mfuti n'kukumenyani mbama patsaya. Wophunzira akaphonya katatu motsatizana timayamba tayang'ana mutu wake tisanayang'ane china chilichonse. Mfuti za masewerawa amazikonza kuti ziziponya m'mwamba pang'ono, popeza kambale kamakhala kakukwera, choncho muzikaona kali pamwamba pa mpope, osakaphimba. Kuti mudziwe komwe yanu ikuponya, pachikani pepala lalikulu pa mamita 30 pabwalo pomwepo, jambulani kadontho pakati, wombani katatu, muone komwe mabowo achulukira.

Mukakonzeka, ikani mpope pa chizindikiro cha m'mphepete mwa denga la ngalande, maso ayang'ane mofatsa kutsogolo kwake pang'ono. Itanani ndi mawu amodzi aafupi; ambiri amati "pull", koma makina amangomva liwu, ndiye lililonse lomveka bwino likwanira. Mukaitana musasunthe. Kambale kamayamba kaoneka ngati mzere wofiirira, kenaka n'kuoneka bwinobwino. Dikirani kaoneke, ndipo mfuti iyambe pamenepo. Wolosera amathamangitsira mfuti kumanja kambale kali kumanzere. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kwa pano n'kwa kaphindi kochepa: mukachedwetsa, kambale kapitirira mamita 40, kayamba kutsika, ndipo tinjere tabalalika kosiya mipata yoti kadutsemo.

Musayambire pa makina onse 15. Pemphani makina amodzi oponya kutsogolo, muphwanye timbale timeneto mpaka kasanu motsatizana, kenaka muonjezere za m'mbali pang'onopang'ono. Machaka 25 mpaka 50 pa tsiku akwana. Kupitirira apo phewa limatopa, thupi n'kuyamba kudzidzimuka mfuti isanalire, ndipo nthenda imeneyi imavuta kuchiza. Zotsika mtengo n'kuyeserera kukweza mfuti yopanda machaka ka 20 kapena ka 30, mphunzitsi akuyang'ana diso lanu. Khalani ndi kope, muzilemba malo omwe mwaphonyera ndi mbali yomwe kambale kanapita, osati chiwerengero chokha.

Nyengo yathu muiganizirenso. Mphepo ya June ndi July kuno ku Angónia imakweza kapena kutsitsa kambale mwadzidzidzi, ndiye diso lisachoke. Kumunsi, ku Tete ndi ku Moatize, kutentha kwa October kumapitirira madigiri 40. Wombani m'mamawa, imwani madzi, ndipo mipope yotentha musaigwire ndi dzanja.

Ngati tsiku lina akuluakulu ovomerezeka adzakonza bwalo kufupi ndi kwanu, kutsogolo kwake kukhale kopanda njira, nyumba kapena abusa kwa mamita 300, ndipo kusaloze kudimba kapena kuchitsime, chifukwa mtovu umatsalira m'nthaka. Zibenthu za timbale tambiri zimakhala ndi phula lomwe limawononga chiwindi cha nkhumba, ndiye zitoleni nkhumba za m'mudzi zisanazipeze. Mukamaliza, pukutani mipope, pakani mafuta pang'ono, mfuti ndi machaka zikatsekeredwe malo osiyana komwe mwana sangafike, ndipo sambani m'manja ndi sopo musanakhudze nsima.