Sikirini yaikulu kapena ya timadontho tambiri: ndigule iti?

Funso: Amisiri, ndikufuna laputopu yogwirapo kale ntchito, yolembera ziwerengero mu Excel ndi makalata mu Word. Wogulitsa wandionetsa ziwiri, ina ya mainchi 15.6 yolembedwa 1366x768, ina ya mainchi 14 yolembedwa 1920x1080. Iye akuti nditenge yaikuluyo kuti ndiziona zambiri. Palinso yodulirapo yolembedwa 16:10. Ndisankhe iti?

Yankho: Mayi, pa ziwiri zoyambazo tengani ya mainchi 14. Mainchi amangoyeza galasi kuchokera pangodya ina kufika pangodya yopingasana nayo. Chomwe chimalamula kuchuluka kwa zinthu zokwana pa sikirini ndi timadontho tomwe timapanga chithunzi, mapikiselo. Ya 1366x768 ili ndi timadontho topitirira pang'ono miliyoni imodzi, pomwe ya 1920x1080 ili ndi topitirira mamiliyoni awiri. Yaikulu ija idzakuonetsani mizere yochepa ya Excel, kungoti zilembo zake zidzakhala zonenepa.

Koma pali msampha womwe ogulitsa ambiri saudziwa. Timadontho tambiri pa galasi laling'ono timachepetsa zilembo, ndiye Windows imazikulitsa yokha. Pa sikirini ya mainchi 14 ya 1920x1080 kawirikawiri imaika 150%. Gawani 1920 ndi 1080 ndi 1.5, mupeza 1280x720. Ndiye kuti malo ogwirira ntchito achepa kuposa a 1366x768 ija munaisiya! Zilembo zimaoneka zosalala bwino, koma mizere siionjezereka. Mankhwala ake ndi osavuta: lowani mu Settings, System, Display, pa Scale ikani 125%. Pamenepo malo anu akhala ngati 1536x864, ndipo maso ambiri amawerenga osatsinzinira. Pa 100% mumapeza malo onse, koma ine sindilangiza munthu wokhala pa ziwerengero tsiku lonse kuti atero pa mainchi 14. Pofika madzulo mutu umawawa. Yesani musanapereke ndalama, mutsegule Excel pompo, muwerenge mizere yomwe ikuoneka.

Tsopano ya 16:10. Manambalawa akufotokoza maonekedwe a galasi, m'lifupi kuyerekeza ndi kutalika kwake kuchokera pansi kufika pamwamba. Ya 16:9 ndi yotambalala ngati wailesi yakanema, yabwino kuonerera mpira. Koma kalata ndi ziwerengero zimatsika pansi, ndipo pamwamba pa Word pali kale mabatani odya malo, pansi palinso mzere wa Windows. Chosowa chimakhala kutalika. Sikirini ya 1920x1200, yomwe ndi 16:10, imaonjezera timadontho 120 m'kutalikako, ndipo tonseto timapita ku ntchito yanu chifukwa mabatani aja sakula. Lenovo inasinthira ThinkPad T14 ku 16:10 m'chaka cha 2022, ndipo MacBook Air ya mainchi 13 inayamba kalekale kutuluka ndi 16:10. Palinso 3:2 ya pa Surface Laptop ya Microsoft: galasi lake la mainchi 13.5 ndi lotalika masentimita 19, pafupifupi chimodzimodzi ndi la mainchi 15.6 la 16:9, lomwe ndi masentimita 19.4. Ngati kusiyana kwa mtengo sikukupweteka m'thumba, 16:10 ndiye ndingatenge. Koma ngati mumaika mawindo awiri pambalipambali, pepala kumanzere ndi Excel kumanja, 16:9 ya 1920x1080 ikukwaniranibe.

Ya 4K, 3840x2160, pa laputopu yaing'ono isiyeni. Mudzaikulitsabe zilembo, ndipo imadya batire msanga, zomwe mudzazimva tsiku lomwe magetsi azima.

Funso: Achimwene, yanga ndi ya 1366x768. Mungaisinthe galasi kuti ikhale 1920x1080?

Yankho: Zimatengera makina ake, bambo. Pa ThinkPad T480 zimatheka, chifukwa inatuluka ndi magalasi a mitundu yonse iwiri ndipo onse amalumikizidwa ndi chingwe cha eDP cha mapini 30. Pa zakale monga T430 n'zovuta, chifukwa zimagwiritsa ntchito chingwe cha mtundu wina, cha LVDS, ndipo galasi labwino lomwe inatuluka nalo ndi 1600x900. Musagule galasi poyang'ana mainchi okha. Mmisiri atsegule kaye, awerenge nambala yomwe ili kuseri kwa lakalelo, aonenso mapini ndi pomangira. Ngati laputopuyo imakhala pa tebulo nthawi zambiri, kulumikiza monita, sikirini yapadera, ya 1920x1080 ndi chingwe cha HDMI kungakupatseni malo ambiri kuposa kusintha galasiko.