Chomata dzino la mwana wanga chayamba kukhakhala, kodi tikachotsetse?

Funso: Adokotala, mwana wanga wa zaka 8 anamumata dzino lakumbuyo miyezi isanu yapitayo. Sanaboole ndi makina, anangopala ndi tizitsulo n'kumatapo phala loyera, amvekere limatulutsa mankhwala oteteza dzino. Pano akapitsapo lilime akuti pakukhakhala, komanso pachita bii ngati m'kapu ya tiyi. Amalume ake ali ndi chomata chachitsulo chomwe chatha zaka chili gwa. Kodi sanatipusitse? Ndine mayi wa ku Chitakale, Mulanje.

Yankho: Mayi, mtima m'malo, sanakupusitseni. Malinga ndi mmene mwafotokozeramu, chomwe anamatacho ndi glass ionomer. Anachitulukira ndi akatswiri a sayansi, Alan Wilson ndi Brian Kent, ku London, ndipo chinadziwika mu 1972. Njira yongopala pobookapo ndi tizitsulo popanda makina kapena magetsi inayambira kwa anzathu ku Tanzania m'zaka za m'ma 1980, ndipo mu 2021 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaika phalali pa mndandanda wa mankhwala osayenera kusowa.

Zoti limatulutsa mankhwala n'zoona. Phalali amapanga posakaniza ufa wa galasi wokhala ndi fluoride ndi timadzi ta asidi. Likauma, malovu amalowabe pang'onopang'ono n'kumatulutsa fluoride uja, yemwe amalimbitsa dzino m'mbali mwa chomatacho, pomwe kubooka kumakonda kuyambiranso. Tsiku loyamba amatuluka wambiri, kenako amatsika msanga n'kumangodontha pang'ono kwa miyezi, ngakhale zaka.

Tsono chomwe chimalola malovu kulowa n'chomwenso chimachititsa kuti pamwamba pake pasasalale ngati galasi la pawindo. Phalali ndi lofewerapo, limaperepeseka ndi kutafuna, ndipo zowawasa zimalidya: zakumwa zamgasi, mandimu, ngakhale zinanazi zathu zotsekemera zija ngati mwana azidya tsiku lonse osamwerapo madzi. M'timaenje tomwe tatsalapo ndi momwe tiyi amakanirira, n'chifukwa chake mtundu wasintha. Pajatu masamba a tiyi ali ndi fluoride wawo wachilengedwe, kungoti masupuni atatu a shuga omwe timathira m'kapu amafafaniza phindu lonselo.

Cha amalumecho ndi amalgam. Kulimba ndiye n'cholimbadi, koma sichipatsa dzino kalikonse, ndipo mayiko akuchisiya chifukwa muli mercury, chitsulo chapoizoni, potsatira pangano la mayiko la Minamata la 2013 lochepetsa kugwiritsa ntchito mercury. Pali china choyera chotchedwa composite, chosalala bwino zedi, koma fluoride wake ndi wochepa kwambiri kapena mulibe, komanso chimafuna kuti dzino likhale louma pomata. Kwa mwana wosakhazikika pampando, malovu ali thoo m'kamwa, inenso ndikanasankha chomwe anasankhacho.

Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti glass ionomer amamwanso fluoride wa mu mankhwala otsukira mano n'kumamutulutsa pambuyo pake, ngati batire lomwe mwatchaja. Ndiye mwanayo azitsuka mano kawiri pa tsiku, makamaka pokagona, ndi mankhwala okhala ndi fluoride, olembedwa 1000 mpaka 1500 ppm (muyeso wa fluoride) pa chubu. Akamaliza alavule thovu basi, asachukuche ndi madzi. Phulusa, makala ndi mchenga ayi, zimenezo zimangowonjezera kukhakhalako. Nzimbe azitafunira mbali inayo.

Kukhakhalako osakunyozera, chifukwa pokhakhala ndi pomwe zotsalira za chakudya ndi tizilombo timamatirira. Mupite naye kuchipatala cha mano akaone. Nthawi zambiri amangosalaza pamwamba kapena kuwonjezerapo phala pang'ono, ntchito ya mphindi zochepa. Koma ngati chabenthuka, pakati pa chomata ndi dzino pakulowa chakudya, akumva kuwawa usiku kapena nkhama zatupa, musadikire tsiku la msika, mupite mawa lomwe.